Mlatho wa oyenda pansi ndi apanjinga kumtunda kwa Lizulu: zolemba za momwe ntchito ikuyendera

Epulo

Mlatho umene ntchitoyi ikukhudza ndi wakale, wazitsulo ndi matabwa, ndipo uli pa msewu wafumbi umene alimi a mbatatesi, kabichi ndi matimati amatsikira popita ku msika wa Lizulu, m'boma la Ntcheu. Magalimoto anasiya kudutsapo matabwa atayamba kuwola, ndipo madalaivala amazungulira njira ina yotalika, koma ana asukulu, amayi osenza madengu, akabaza ndi alimi okankha njinga zamatumba akuwolokerabe pomwepo, chifukwa njira yozungulirayo ndi ya munthu amene ali ndi injini. Komiti ya chitukuko ya m'dera, ya ADC, inagwirizana kuti mlathowu usadikire ndalama zoubwezera kukhala wa magalimoto, zimene sizingapezeke msanga, koma ukonzedwe kuti ukhale wa oyenda pansi ndi apanjinga. Gawo lathu, ife injiniya, wojambula mapulani ndi achinyamata odziwa za kompyuta, ndi kupanga chionetsero cha VR, choonera m'magalasi apadera oonetsa malo opangidwa pa kompyuta ngati enieni, choti anthu a m'deralo ayime pa mlatho watsopanowo usanamangidwe, aone chimene chikuwavuta, ndipo mapulani asinthidwe simenti isanagulidwe.

Chifukwa chosankhira njira imeneyi ndi chimodzi. Pulani ya papepala imawerengeka ndi munthu amene anaphunzira kuiwerenga, ndipo pamsonkhano wa m'mudzi, injiniya akanena kuti mlatho udzakhala mamita 2.5 m'lifupi, anthu amavomera mwaulemu ndi kuwomba m'manja, koma dandaulo limadzatuluka mlatho utatha, pamene palibenso chimene chingasinthidwe. Magalasi a VR amatseka maso onse awiri, ndipo diso lililonse amalionetsa chithunzi chakechake chosiyana pang'ono ndi cha linzake, monga momwe maso amaonera zinthu masiku onse, motero ubongo umazindikira kuya, kutalika ndi kufupika. Munthu akatembenuza mutu, malo onse amakhala pomwe anali ndipo iye ndi amene amaona mbali ina. Luso limeneli si la dzulo, pakuti Ivan Sutherland anapanga chida choyamba chamtunduwu ku America mu 1968, koma chinali cholemera kwambiri moti chinkapachikidwa kudenga. Linayamba kufika kwa anthu wamba kampani ya Oculus itayamba mu 2012 ndi kugulidwa ndi Facebook mu 2014. Kwa ife chofunika ndi chakuti kuyambira pamene magalasi otchedwa Quest 2 anatuluka mu 2020, magalasi otsika mtengo okhala ndi kompyuta ndi batire m'kati mwake momwemo anayamba kupezeka mosavuta, ndipo amatha kugwira ntchito m'kalasi yopanda magetsi ndi intaneti kwa maola pafupifupi awiri asanafune kutchajidwa.

Meyi

Mvula itatha ndipo madzi atatsika, tinayeza malo. Tinaulutsa droni kujambula mlatho, magombe onse awiri ndi zitunda zimene msewu umatsikira, titatenga chilolezo kwa akuluakulu oona za ndege komanso titadziwitsa apolisi ndi mafumu, chifukwa kuno malire a dziko lino ndi Mozambique amatsata msewu wa M1 ndipo tsidya lake ndi boma la Angónia, kotero kuti chouluka chilichonse chokhala ndi kamera chimafunika kufotokozedwa bwino chisananyamuke. Mnyamata woulutsa droni sanavute kupeza, popeza dziko lino linatsegula malo oyeserapo madroni ku Kasungu mu 2017 mothandizana ndi UNICEF, ndipo sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata mu 2020. Zithunzi zimajambulidwa moti chilichonse chibwereze mbali yaikulu ya chinzake, ndipo pulogalamu ya OpenDroneMap, imene ndi yaulere, imafananitsa mwala umodzimodzi kapena ngodya imodzimodzi pazithunzi zambiri ndi kuwerengera pamene chinthucho chili, mpaka malo onse ataumbika m'kompyuta ndi zitunda ndi zigwa zake.

Droni siona dzimbiri la kunsi kwa mlatho. Injiniya analowa pansi pake ndi hamala ndi tepi, ndipo anapeza kuti mizati yamiyala ya mbali zonse ziwiri ikadali yolimba, kupatula kuti madzi anakumba kunsi kwa wa kumadzulo, pamene zitsulo zikuluzikulu zonyamula matabwa zadyeka kumapeto kumene zimakhala pa mizati, chifukwa ndi pamene matope ndi chinyezi zimakhazikika. Za kutalika kumene madzi amafika tinafunsa akuluakulu a m'mudzi, ndipo anatilozera pa thunthu la mtengo wa pagombe pamene zinyalala zinakola m'chaka cha madzi ambiri. Chizindikirocho tinachiyeza ndi kuchilowetsa m'mapulani. Anamondwe otchedwa Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anakokolola milatho yambiri kuchigawo chakummwera, ndipo injiniya aliyense m'dziko muno tsopano amayamba ndi funso la madzi asanafunse za kukongola.

Ntchito imene inatithandiza koposa mwezi uno inali yopanda droni. Pa tsiku la msika tinakhala pa mlatho ndi tepi ndi kuyeza njinga zimene zinkadutsa, eni ake atalola. Mabuku a mapulani a njira za njinga amene amachokera ku Ulaya amayeza munthu amene wakwera njinga yopanda katundu, ndipo amamuwerengera pafupifupi mita imodzi akamayenda. Njinga ya kuno imabwera ndi matumba a mbatatesi omangidwa chopingasa pa kaliyala, kapena dengu la matimati lotambalala kuposa handulo, kapena mtolo wa nsungwi, ndipo zina mwa zimene tinayeza zinaposa mita imodzi zili chiimire. Chinanso n'chakuti njinga yolemera chotero mwini wake saikwera potsika kapena pokwera chitunda, koma amayenda pambali pake ataigwira handulo ndi dzanja limodzi ndi thumba ndi dzanja linalo, motero malo amene amatenga ndi a njinga, katundu ndi munthu pamodzi.

Juni

Mwezi wonse unathera pa kompyuta. Tinaumba mapulani atatu mu pulogalamu ya Blender ndi kuwalowetsa mu pulogalamu ina ya Unity kuti aoneke m'magalasi. Pulani yoyamba ndi ya mamita 2.5 m'lifupi, yogwiritsa ntchito mizati monga momwe ilili, ndipo ndiyo yotsika mtengo. Yachiwiri ndi ya mamita 3.5, yosalala ponseponse, yokhala ndi mzere wa penti wolekanitsa oyenda pansi ndi apanjinga. Yachitatu ndi ya mamita 4, ndipo mbali ya oyenda pansi ndi yokwera pang'ono ngati khonde. Mpanda wa m'mbali tinauika mamita 1.4 kutalika, potsata muyeso wa ku Britain wa milatho yodutsa njinga, chifukwa munthu amene ali pa chishalo amakhala pamwamba kuposa woyenda pansi ndipo mpanda wamfupi angaupitirire atagwa. Kulemera kumene mlatho uyenera kupirira injiniya akuwerengera pa makilogalamu pafupifupi 500 pa sikweya mita iliyonse, umene ndi muyeso wodziwika wa milatho ya anthu pamene gulu ladzaza.

Malo amene droni inaumba anali olemera kwambiri kwa kakompyuta ka m'magalasi. Magalasiwa amafunika kusintha chithunzi kosachepera ka 72 pa sekondi iliyonse, ndipo akachedwa, zimene maso akuona zimatsalira m'mbuyo mwa mutu, munthu n'kuyamba kumva chizungulire ndi nseru. Tinachepetsa tsatanetsatane wa mapiri ndi minda yakutali, n'kusiya wa mlatho, magombe ndi msewu wolowera.

Panali kusiyana maganizo pakati pathu pa nkhani ya kukongoletsa, ndipo ndikulemba pano chimene tinagwirizana kuti chisadzasinthidwe mwakachetechete. Achinyamata anafuna kuikamo maluwa, mipando, magetsi a mumsewu ndi dzuwa lolowa, monga momwe zithunzi zotsatsira nyumba zimakhalira. Tinakana, pa chifukwa chakuti chilichonse chimene munthu wachiona m'magalasi amachitenga ngati lonjezo, ndipo chinthu chimene sichili pa mndandanda wa zogula sichiyenera kuoneka. Anthu ndi njinga zimene zimapezeka zopangidwa kale pa intaneti nazonso tinazisiya, chifukwa ndi za anthu ovala zipewa zolimba okwera njinga zampikisano, ndipo zikanachititsa kuti mlatho wopapatiza uoneke wotakasuka. Tinaumba zathu potsata miyeso ya mu Meyi: mlimi wokankha matumba, kabaza wonyamula mayi wokhala chammbali, mayi wosenza mtolo wa nkhuni ali ndi mwana kumbuyo, ana asukulu oyenda atatu atatu, ndi munthu wa pa njinga ya olumala. Zimenezi zinatidyera nthawi yochuluka kuposa mlatho weniweniwo.

Milatho ya kunja tinaiyang'ana, koma yochepa ndi imene inatiphunzitsa kanthu. Cykelslangen wa ku Copenhagen, umene unatsegulidwa mu 2014, ndi wokongola, koma ndi wa njinga zokha ndipo oyenda pansi ali ndi njira yawo kunsi. Umene injiniya amautchula kawirikawiri ndi Millennium Bridge wa ku London, umene unatsegulidwa mu Juni 2000 ndi kutsekedwa patangopita masiku awiri chifukwa unkagwedezekera uku ndi uku anthu akachuluka. Ukagwedezeka pang'ono, anthu ankasintha mayendedwe kuti asagwe, mapazi awo n'kuyamba kuponda nthawi imodzi, kugwedezekako n'kumakula, ndipo unatsegulidwanso mu 2002 atauika zida zoletsa kugwedezeka. Palibe magalasi amene akanaonetsa vuto limenelo mlatho usanamangidwe. Mlatho wathu ndi waufupi ndipo chiopsezo chotero ndi chochepa, koma mfundo yake taisunga: za kulimba, kugwedezeka ndi madzi ziweruzidwa ndi masamu a injiniya, ndipo chionetsero chifunse anthu zokhazo zimene maso ndi thupi zingayankhe.

Julayi

Chionetsero choyamba chinachitikira m'kalasi ya sukulu ya pulayimale yoyandikana ndi mlatho, Loweruka kukuzizira monga momwe kumachitira kuno mu Julayi. Magalasi ndi laputopu tinatchajira pa sola. Tisanayambe tinafotokoza pamaso pa onse kuti magalasiwa sajambula nkhope ya wovala, kuti sitikulemba mayina a olankhula, ndi kuti ndalama zomangira mlatho sizinapezeke. Agulupu ndi amene anayamba kuvala, monga mwa mwambo, ndipo atavula n'kuseka, ena onse mantha anawathera. Zimene wovala akuona zinkaonekanso pa TV kuti odikira azitsatira ndi kuthirira ndemanga. Aliyense ankakhalamo mphindi zosaposa zisanu, wina atamugwira pamkono, ndipo okalamba ankaonera atakhala pampando. Kuyenda m'chithunzi mosalala ngati munthu ali pagalimoto tinakuchotsa, chifukwa maso akamanena kuti thupi likuyenda pamene khutu la m'kati likunena kuti laima, nseru imabwera. M'malo mwake wovala amaloza pamene akufuna kuima ndipo amapezeka pomwepo. Magalasi ankapukutidwa ndi mankhwala munthu aliyense akavula, popeza anthu akukumbukira matenda a maso ofiira amene anafala m'dziko muno mu 2024. Lamba wa magalasi tinamukulitsa kuti amayi asavule duku.

Pabwalo la mpira la sukuluyo tinakhoma zikhomo ndi kumanga zingwe pa miyeso yeniyeni ya mapulani atatu aja, ndipo alimi anabwera ndi njinga zawo ndi matumba enieni. Munthu ankati akatuluka m'kalasi, n'kupita pabwalo kukayesa ndi miyendo zimene waona ndi maso. Ndikuona kuti popanda zingwezi chionetsero chikanangokhala chosangalatsa, ndipo popanda magalasi zingwezi zikanaoneka zotakasuka kuposa momwe zilili, chifukwa pabwalo palibe mpanda wokupanikiza kapena phompho la mtsinje kunsi kwako. Ziwirizi ziyenera kuyendera limodzi pa zionetsero zonse zotsatira.

Pulani yoyamba inagwa msanga. Aliyense amene anaima pakati pake n'kuona njinga ziwiri zamatumba zikukumana anabwerera m'mbuyo kapena kudzipanikiza ku mpanda umene kunalibe. Izi tinkaziyembekezera.

Chimene sitinachiyembekezere ndi kukanidwa kwa pulani yachitatu, imene ife tinkaiona ngati yabwino koposa. Mlimi wina wachikulire atavula magalasi anafunsa kuti, "Bambo injiniya, nanga ine wokankha njinga ndidzayenda kuti? Mapazi anga ali kwa oyenda pansi, matayala ali kwa apanjinga, ndipo thumba lili pakati." Funso limeneli linathetsa nkhani ya khonde lokwera, chifukwa m'mphepete mwa khondelo tayala likagunda, njinga yolemera imapendama ndipo munthu mmodzi sangaidzutse. Amayi anawonjezera kuti wosenza mtolo saona pansi, amayang'ana kutsogolo khosi lili chiimire, ndipo kachitunda kalikonse kapansi ndi pophunthwira. Ngakhale mzere wa penti wa pulani yachiwiri anthu anauseka, ponena kuti pa tsiku la msika m'mawa onse amatsika ndipo madzulo onse amakwera, motero kugawa mlatho pakati ndi kutaya theka lake. Kulekanitsa oyenda pansi ndi apanjinga kuli ndi nzeru kumene njinga zimathamanga. Kuno njinga yolemera imayenda liwiro la munthu, ndipo yothamanga ndi ya kabaza wopanda katundu amene akutsika chitunda, amene vuto lake liyenera kuthetsedwa asanafike pa mlatho.

Nkhani ya maliro inatuluka kwa anyakwawa a tsidya la kummawa. Manda a midzi iwiri ali tsidya linalo, ndipo bokosi limawoloka pa mlathowu litanyamulidwa ndi amuna mbali zonse ziwiri, ena akulandirana m'njira, amayi akutsatira ndi nyimbo. Iwo anapempha kuti tiyese zimenezi pa zingwe, ndipo anyamata ananyamula benchi la m'kalasi m'malo mwa bokosi. Pa mamita 2.5 olandira analibe polowera. Pa mamita 3.5 zinatheka, bola wina aliyense aime kaye kunja kwa mlatho, zimene mwambo umafuna kale. Palibe buku la mapulani limene tili nalo lomwe likanatiuza zimenezi, ndipo ndi nthawi ya maliro pamene mlatho udzasenza anthu ambiri zedi nthawi imodzi, zimene injiniya wazilemba pa masamu ake.

Pa za mpanda panatuluka mfundo ziwiri. Amayi anaona kuti mipata ya pakati pa zitsulo ndi yoti mwana wamng'ono angatulutse mutu, ndipo taichepetsa kuti isapose masentimita 10, komanso zitsulozo zikhale zoimirira kuti ana asamakwerepo ngati makwerero. Akabaza anaona kuti nsanamira za mpanda zatulukira m'kati, pa msinkhu womwewo umene thumba limalendewera, ndipo thumba likakola limang'ambika. Nsanamirazo tazisamutsira kunja, ndipo m'kati mudzakhala chitsulo chimodzi chosalala chotsata utali wonse.

Kumene magalasi analephera ndi pa chitunda. Msewu wa kumadzulo umatsikira pa mlatho motsetsereka kwambiri, ndipo m'magalasi aliyense ananena kuti palibe vuto, chifukwa maso okha samva kulemera kwa thumba kapena kufooka kwa mabuleki. Tinayala matabwa pa njerwa kuti apendame mita imodzi pa mamita 12 aliwonse, umene ndi malire amene malamulo ambiri a zomangamanga amalola pa njira ya njinga ya olumala, ndipo bambo wina amene amayendera njinga yotero anakwera movutikira, n'kunena kuti pamatope sakanatha. Pa mita imodzi pa mamita 20 anakwera yekha. Kuti chitunda chifike pamenepo, msewu wolowera uyenera kutalika ndi kukhota, zimene zikudya kachigawo ka dimba la banja lina, ndipo nkhaniyo yapita kwa agulupu. Kukhotako kuli ndi phindu lachiwiri, lakuti kabaza wotsika adzakakamizika kuchepetsa liwiro asanalowe pa mlatho. Lamulo la anthu olumala la mu 2012 linanena kale kuti malo a anthu onse azifikirika ndi aliyense, koma pano mfundoyi inamveka chifukwa anthu anaona ndi maso mnzawo akulimbana ndi matabwa.

Ogasiti

Pa chionetsero choyamba amuna ndi amene anavala magalasi kwambiri ndi kulankhula kwambiri, motero tinakonza tsiku la amayi ndi atsikana okha, pakati pa sabata masana, ntchito za kudimba zitachepa. Tinawonjezera chithunzi cha usiku. Atangochiona, nkhani inachoka pa m'lifupi n'kupita pa chitetezo: tchire la bango ndi zitsamba la kumapeto kwa mlatho, limene masana palibe analitchula, ndi pamene atsikana ochokera ku chigayo kapena ku sukulu madzulo amaopa. Anapempha kuti munthu akaima mbali imodzi aziona mpaka tsidya linalo, ndipo kukhota kwa msewu kumene tinakonza mu Julayi kusabise njira. Wojambula mapulani wakhotetsa msewuwo motambalala ndipo wachotsa khoma limene linali pa ngodya. Magetsi a sola anapemphedwa ndi onse. Tawaika pa mndandanda wa zogula ngati gawo lapadera, ndipo m'magalasi akuoneka ndi mtundu wosiyana, kusonyeza kuti ndi zodzabwera ndalama zikakwana. Komiti ya m'mudzi ikudziwa bwino kuti mabatire, mapanelo ngakhale mabawuti a milatho amabedwa, ndipo injiniya walemba kuti mabawuti onse awotcheredwe akamangidwa.

Amayi ogulitsa zitumbuwa, nthochi ndi chimanga chootcha ananena mosabisa kuti mlatho ukakhala wabwino adzakhala pomwepo ndi malonda, chifukwa ndi pamene anthu amadutsa. Kuletsa ndi chikwangwani sikungathandize. Taika bwalo laling'ono losalala kumapeto kwa kummawa, kunja kwa njira, kuti malonda akhale ndi malo awo.

Mkangano umene sunathe ndi wa njinga zamoto. Pakhomo la mlatho payenera kukhala nsanamira zotsekereza magalimoto ndi ngolo, chifukwa mlathowu suwerengeredwa kulemera kwa lole kapena ng'ombe ziwiri ndi katundu wake. Koma mpata umene ungalole njinga yamatumba, njinga ya olumala ndi njinga ya ambulansi yokoka kangolo ka wodwala ndi womwewo umene njinga yamoto ingadutse, ndipo palibe nsanamira imene ingasiyanitse zimenezi. Akabaza a njinga zakapalasa akufuna zamoto ziletsedwe, ndipo sitinganamizire kusaona kuti pali nkhani ya kulimbirana makasitomala. Amayi agawanika: amaopa liwiro lake chifukwa cha ana, koma njinga yamoto ndi imene imathamangitsira mayi woyembekezera ku chipatala usiku. Tinaonetsa m'magalasi njinga yamoto ikudutsa pang'onopang'ono ndiponso ikuthamanga, ndipo izi zinangotsimikizira aliyense maganizo amene anabwera nawo. Maganizo anga ndi akuti njinga zamoto zidzadutsa, kaya zaloledwa kaya ayi, ndipo ndi bwino mlatho uwerengeredwe motero, liwiro lichepetsedwe ndi kukhota kwa msewu, ndipo lamulo loti okwera azitsika pa tsiku la msika liperekedwe ndi mafumu ndi mabungwe a akabaza eni ake. Komiti ya ADC sinagamulebe.

Ngakhale timabwereza pa chionetsero chilichonse kuti ndalama sizinapezeke, mbiri yafala m'midzi yakutali kuti mlatho uyamba kumangidwa chaka chino, ndipo anyamata ena abwera kudzafunsa ganyu. Uwu ndi mtengo wa njira imeneyi umene tiyenera kuuvomereza: munthu amene waima pa mlatho ndi kuyang'ana madzi kunsi kwake savomera msanga kuti chinthucho chilipo m'kompyuta mokha. Tsopano chithunzi chilichonse chimayamba ndi mlatho wakale monga ulili lero, ndi matabwa ake owola, ndipo chimathera pomwepo, komanso wapampando wa komiti ndi amene amanena za ndalama, osati ife alendo.

Seputembala

Pulani imene yatsala ndi imodzi: mamita 3.5 m'lifupi, pansi pa konkire yosalala koma yosaterera, popanda khonde kapena mzere, mpanda wa mamita 1.4, misewu yolowera yotsetsereka mita imodzi pa mamita 20, ngalande zochotsa madzi mbali zonse ziwiri, ndi zitsulo zonyamula zatsopano zokwezedwa pamwamba pa chizindikiro cha madzi chimene akuluakulu anatilozera. Mizati yakale isungidwa, koma iyenera kukulitsidwa pamwamba, ndipo wa kumadzulo utetezedwa ndi miyala yomangidwa m'mawaya. Tinaionetsa kwa anthu omwe aja kuti aone ngati mawu awo alowamo, ndipo ndemanga zatsopano zinali zazing'ono, monga pempho la masitepe otsikira kumtsinje kwa ochapa ndi otunga madzi othirira, limene talilandira.

Tinapitanso ndi magalasi ku khonsolo ya boma la Ntcheu, kumene akuluakulu a zomangamanga ndi makhansala anaona pulani yoyamba ndi yomalizayi motsatizana. Kusiyana kwa mita imodzi kumene papepala kumaoneka ngati kuwononga ndalama kunamveka popanda kufotokoza kwambiri njinga ziwiri zija zitakumana pamaso pawo. Za ndalama tauzidwa njira zimene zilipo, zomwe ndi thumba la chitukuko la khonsolo, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu lotchedwa CDF, ndi mabungwe othandiza. Ena m'mudzi anafunsa za ndalama za mageti olipiritsa magalimoto a pa Chingeni ndi Kalinyeke, amene anayamba mu 2021 ndi 2022, ndipo tafotokoza kuti zimenezo zimasonkhanitsidwa ndi bungwe la Roads Fund Administration pofuna kusamalira misewu, pamene kamsewu aka kali m'manja mwa khonsolo. Mtengo wa ntchito yonse sitiulemba m'zolemba zino mpaka mndandanda wa zipangizo utatsimikizidwa, chifukwa zitsulo zambiri zimachokera kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo imene ogulitsa amapereka sikhala nthawi yaitali.

Zimene zatsala mvula isanayambe ndi izi. Injiniya akumbe maenje oyesera nthaka pafupi ndi mizati yonse iwiri madzi akadali ochepa, ndipo amalize masamu a zitsulo potengera gulu la pamaliro ndi njinga zamoto. Agulupu amalize kukambirana ndi banja la dimba lija, ndipo mgwirizano ulembedwe. Khonsolo itithandize kufunsa ku bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la mu 2017, komanso kwa oyang'anira madzi, za zilolezo zimene ntchito ya mumtsinje yaing'ono chotere ikufuna. Komiti ya m'mudzi yavomera kusintha matabwa owola kwambiri ndi ena ongogwirizira kuti ana awoloke bwino dzinja likubwerali. Mu Januwale kapena Febuluwale, mtsinje ukadzadza, tidzabwera kudzayeza madzi ndi kujambula zithunzi zatsopano, ndipo ngati madzi adzapose chizindikiro cha pamtengo paja, zitsulo zidzakwezedwanso, misewu yolowera idzatalika, ndipo chionetsero chidzabwerezedwa kwa banja la dimba ndi komiti mapulani asanaperekedwe kwa omanga.